Kumulamula, kumuonetsa kapena kumupatsa chochita: njira zojambulira munthu kuno ku Mangochi

Munthu amene amayenda momasuka mumsika wa pa Boma, kuseka ndi anzake, kunenerera mtengo wa usipa mopanda manyazi, akangoona kuti kamera yamuloza amasanduka wina. Mapewa amakwera mpaka kufuna kukhudza makutu, chibwano chimalowa m'khosi, manja amasowa pokhala. Ntchito ya wojambula imayambira pomwepo, ndipo pa mphindi imeneyo kamera yodula ndi foni yotchipa n'chimodzimodzi. Njira zomumasulira munthu wotere zilipo zingapo, ndipo ojambula a kuno, kuyambira a m'masitudiyo a m'tauni mpaka anyamata oyenda ndi kamera m'khosi m'magombe a ku Nkopola ndi ku Cape Maclear, aliyense ali ndi yake imene amaitamanda. Ine ndimati musanasankhe njira, mufunseni kaye kasitomala kuti chithunzicho chikupita kuti.

Funsoli limaoneka laling'ono koma ndi limene limakuuzani zochita. Mayi amene mwamuna wake ali ku Joni akufuna kuti bamboyo aone kuti ana akukula, nyumba yafoleredwa malata, ndalama zimene amatumiza sizikulowa m'madzi. Chithunzi chakecho chiyenera kuonetsa thupi lonse, nsapato za ana, ndi khomo la nyumba kumbuyo. Mukamujambula nkhope yokha, kumbuyo kuli mbuu, ngakhale chikongole bwanji mwaphonya. Mtsikana wofuna choika pa WhatsApp akufuna chithunzi choimirira, chodzaza foni, chooneka ngati sanakonzekere. Agogo ofuna chopachika pabalaza akuganiza za zidzukulu zimene zidzachione iwo kulibe. Mnyamata wofunsira ntchito kuhotela akungofuna kuoneka waukhondo ndi wodalirika. Anthu anayiwa simungawaimike mofanana.

Njira yolamula

Iyi ndi yakale, ya m'masitudiyo, ndipo ambiri tinayambira pomwepa. Wojambula amaima kumbuyo kwa kamera n'kumatchula chiwalo ndi chiwalo: phazi ilo patsogolo, phewa litembenukire kuno, chibwano chitsike pang'ono. Malamulowa si ongopeka. Munthu akaima mapewa onse atayang'ana kamera amaoneka wotambalala kuposa mmene alili, pomwe akatembenuka pang'ono chammbali, nkhope yokha n'kubwerera kwa wojambula, thupi limakhala bwino. Akatsamira pa mwendo wakumbuyo, bondo lakutsogolo limapindika lokha ndipo kuuma kuja kumachepa. Zigongono zikasiyana pang'ono ndi nthiti, mikono siphwatalala. Chibwano chikatsogola kenako n'kutsika pang'ono, khosi limaoneka. Ndipo chilichonse chimene chayandikira lenzi chimakula, n'chifukwa chake dzanja lotsogola limatha kuoneka lalikulu kuposa nkhope ya mwini wake.

Ubwino wake ndi changu. Ngati mukujambula ana a Sitandade 8 mmodzimmodzi, kapena operekeza akwati pomwe galimoto zikuimba kale mahutala panja, mulibe nthawi yocheza ndi aliyense. Mulamule basi, anthu apite.

Koma njirayi imadalira mawu, ndipo mawu amasokoneza. Kumanja kwanu ndi kumanzere kwa kasitomala. Makasitomala ambiri ochokera ku Namwera, kwa Katuli kapena kwa Makanjira chilankhulo chawo choyamba ndi Chiyao, ndiye malangizo ataliatali a m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi cha kamera amangowaonjezera mantha. Chinanso ndi msinkhu. Mnyamata wa dzana kumauza a Shehe kuti "dzutsani mutu, musagwedezeke" sizimveka bwino, ngakhale mwini wake asadandaule. Lamulo lomwelo lisandutseni pempho: "Baba, mungatembenukireko kuno pang'ono? Eya, pomwepo, zikomo." Ndipo pakamwa pa wojambula pasatuluke mawu akuti "ayi, mwalakwitsa." Munthu akamva zimenezo amauma gwa ngati nsomba ya pathandala, ndipo simudzamubwezanso. Kaimidwe kakapanda kukhala bwino, jambulani chimodzi, muyamikeni, kenako nenani kuti tiyeseko kwina.

Pali lamulo limodzi limene ndimafuna tikanalisiya, lakuti "sekererani!" Achinyamata amasekerera okha. Akuluakulu ambiri safuna, ndipo ali ndi zifukwa zawo. Kwa iwo chithunzi ndi chinthu chaulemu, nkhope yodekha ndi imene akufuna kukumbukiridwa nayo, ndipo ena mano anachoka, safuna kuti zimenezo zipachikidwe pakhoma. Jambulani chodekhacho choyamba, mochisamalira, chifukwa n'chimene abwerera. Mukatero chezani nawo, afunseni za mvula kapena za nyanja ya masiku awo, kamera ikadali pamaso. Choseka chidzabwera chokha. Kawirikawiri eni ake amasankha chodekha, ana awo n'kumalimbirana choseka, ndiye mwagulitsa ziwiri.

Njira yomugwira munthu

Ojambula ena akaona kuti mawu sakumveka amangopita kukamugwira munthu, kumupotoza mapewa, kumukweza chibwano ndi chala, kumukonza kolala. N'zoona kuti zimafulumira. Koma kuno ku Mangochi ndinganene mosapita m'mbali kuti njira imeneyi isiyeni. Boma lino Asilamu ndi ambiri, ndipo mwamuna kugwira mkazi amene si m'bale wake, ngakhale pa phewa pokha, ndi nkhani. Ngakhale pakati pa Akhristu, mkazi wa mwini kapena mtsikana amene wabwera yekha musitudiyo yotseka chitseko sanganene kuti "musandigwire," koma sadzabweranso, ndipo adzauza anzake chifukwa chake.

Hijabu ikapendekeka, ndolo ikapotoka, kapena chitenje chikakwinyika, uzani mchemwali wake kapena mnzake amene wabwera naye: "Achemwali, tawakonzeniko mpangowo cha kumanzereku." Akabwera yekha, mupatseni kalilole adzikonze. Apa n'pamene ojambula aakazi amatiposa, chifukwa amalowa m'chipinda chimene mkwatibwi akuvekedwa, ndipo amayi amamasuka nawo msanga. Mwamuna amene amajambula maukwati kawirikawiri angachite bwino kukhala ndi mayi womuthandiza, ngakhale wongogwira chowalitsira, chinthu chonyezimira chobwezera kuwala kumaso, ndi kukonza zovala.

Njira yoonetsa ndi thupi lanu

Ndikanati ndisankhe imodzi yokha yoti wophunzira ayambe nayo, ndi iyi. M'malo mofotokoza, mumachita inuyo, kasitomala n'kutsanzira. Mumatsitsa kamera, kuima mmene mukufuna aimire, kuika dzanja m'thumba chala chachikulu chili kunja, kupendeketsa mutu. Popeza mwayang'anizana, mukafuna akweze dzanja lamanja inu kwezani lamanzere. Kumene mukufuna ayang'ane, lozani chinthu chenicheni: mtengo wa mlambe uwo, bwato ilo, chitseko icho. Sipafunika Chichewa kapena Chiyao chambiri, sipafunika kugwira munthu, ndipo palibe amene akumva kuti akulamulidwa.

Tsiku lina la Idi kunabwera bambo wina wachikulire atavala mkanjo woyera, mzuli wopetedwa bwino, ndodo ili m'manja. Mdzukulu wawo ndi amene anawakoka, iwo sankafuna. Atakhala pampando anatsamira mpaka kumbuyo, miyendo atayitambasula, ndodo ataigoneka pantchafu, maso ali kudenga. Ndinakoka mpando wina n'kukhala moyang'anizana nawo, cha kumapeto kwa mpandowo, msana uli chilili, manja onse awiri atasanjikizana pamwamba pa tsache limene ndinatola pakona. Anandiyang'ana, anayang'ana tsachelo, anaseka pang'ono, kenako anasendera kutsogolo, kuimika ndodo pakati pa mawondo n'kusanjikiza manja pamwamba pake. Mapewa anatsika okha. Mphete ya siliva ya pa chala chawo inaonekera, ndipo mzuli sunaphimbenso maso. Palibe liwu limene linalankhulidwa kupatula "ndi choncho, Baba."

Tsache lija likusonyeza ubwino wina wa njirayi. Wojambula akamachita yekha kaimidwe ka mkwatibwi, chiuno atachikhotetsa, dzanja lili patsaya, anthu amaseka, ndipo manyazi amachoka kwa kasitomala n'kupita kwa iye. Amene amaopa kusekedwa njirayi siimuyenera. Kuipa kwake kwina n'kwakuti simungaonetse chimene thupi lanu silikuchidziwa, ndiye pamafunika kuyeserera pakalilole kunyumba. Pagulu lalikulu sithandizanso, chifukwa a kumbuyo sakukuonani.

Njira yomupatsa chochita

Apa simumuuza munthu mmene aimire, mumamuuza choti achite. Yendani kuchokera pa bwatolo kubwera kuno, musandiyang'ane. Konzani duku lanu. Mangani batani la pamkono. Mnong'onezeni mkazi wanu dzina limene munkamuitana muli pachibwenzi. Manja amene ankasowa pokhala aja apeza ntchito, ndipo nkhope imaiwala kamera. Zithunzi zambiri zokoma za achinyamata, za zinkhoswe ndi za omaliza maphunziro zimachokera m'njira imeneyi.

Koma njirayi imadya zinthu zake. Munthu akamayenda, liwiro la shata, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, lisatsike pansi pa 1/250 ya sekondi, ndipo kwa ana othamanga lifike 1/500, apo ayi manja ndi mapazi zimatuluka zosaoneka bwino. Mumajambula zambiri kuti mupeze zochepa, ndiye batire imatha msanga, khadi yosungira zithunzi imadzaza, ndipo usiku mumakhala pa kompyuta kusankha, magetsi akalola. Mtengo wanu uziwerengera nthawi imeneyo.

Samalaninso ndi zimene mukupempha. Pa intaneti pali zambiri zoti mwamuna anyamule mkazi, apsompsonane, agonekane pamchenga. Banja lina lachinyamata lochokera ku Blantyre kapena ku Lilongwe kudzapuma kunyanja lingakonde zimenezo. Banja la kwa Chimwala limene lamanga nikah, ukwati wa Chisilamu, m'mawa womwewo, azakhali ndi apongozi ali chapomwepo, silingachite, ndipo mukalikakamiza mudzajambula manyazi okhaokha. Kuyenda moyandikana, kuyang'ana chinthu chimodzi, mwamuna kumugwirira mkazi chikwama kapena ambulera, zimaonetsa chikondi chomwecho popanda wina kugwetsa nkhope.

Kwa ana ang'onoang'ono palibe njira ina koma iyi. Mwana wa zaka zitatu salamulidwa ndipo satsanzira. Gwadani kuti kamera ifanane ndi maso ake, mupatseni bango kapena chigoba cha nkhono, amayi ake aime kumbuyo kwanu osati pambali, kuti akamawayang'ana ayang'anenso kamera. Ndipo pemphani akuluakulu asiye kumukalipira kuti aseke. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kasitomala wobwera ndi chithunzi chake

Masiku ano ambiri amafika foni ili m'manja: "Ndikufuna ngati ichi." Chithunzicho achitenga pa Instagram, pa TikTok kapena pa Facebook. Ojambula ena zimawakwiyitsa, amaona ngati akuphunzitsidwa ntchito. Ine ndimachilandira ndi manja awiri, chifukwa munthu wakuuzani zimene zili kumtima kwake popanda kuvutika kufotokoza. Chofunika n'kufunsa chimene wachikonda m'chithunzimo. Nthawi zambiri si kaimidwe konse ayi. Mwina ndi mtundu wa diresi, mwina ndi dzuwa lofiira kumbuyo, mwina n'chifukwa choti mtsikana wa m'chithunzimo akuoneka wamtali.

Vuto limabwera mukalonjeza kuti chituluka chimodzimodzi. Chithunzi chijacho chinajambulidwa ndi munthu wozolowera kamera, ndi magetsi atatu a musitudiyo, ndipo wina anachikonza maola angapo pa kompyuta. Thupi la kasitomala wanu ndi lina, malo ndi ena. Muuzeni poyambirira kuti mutengapo ganizo lokha. Jambulani chimene wapempha choyamba kuti mtima wake ukhale pansi, kenako muonjezere zanu. Ngati chimene akufuna ndi kuoneka wamtali, tsitsani kamera ifike cha m'chiuno mwake, mubwerere m'mbuyo, mwendo wake umodzi utsogole. Ngati mukujambula ndi foni, musamuyandikire nkhope ndi lenzi ya 1x, imene foni imayamba nayo mukatsegula kamera, chifukwa ndi yotambalala ndipo imakulitsa mphuno ndi chipumi. Bwererani mamita awiri, mugwiritse ntchito 2x, yokokera chithunzi pafupi kawiri. Pa kamera, lenzi ya 50mm ndi yotchipa ndipo imakwanira ntchito zambiri za nkhope.

Ndi bwino kuti chithunzi choterecho akutumizireni pa WhatsApp tsiku lisanafike, kuti mugwirizane za zovala, malo ndi nthawi.

Situdiyo, kugombe kapena pakhomo

Njira yomuimikira munthu imayenderanso malo. Musitudiyo kuwala ndi kwanu, mvula ndi mphepo sizikukhudzani, ndipo mayi amene safuna kuonereredwa ndi anthu odutsa amamasuka. Koma ndi mmenenso anthu amauma kwambiri, chifukwa mulibe chogwira kapena chotsamira, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kachipinda ka malata kamasanduka ng'anjo, nkhope n'kumanyezimira thukuta musanajambule n'chimodzi chomwe. Mukhale ndi mpando, tebulo laling'ono, kansalu koyera kopukutira ndi madzi akumwa.

Kugombe n'kumene ambiri amafuna, ndipo n'kumene zithunzi zambiri zimaonongekera, chifukwa cha nthawi. Kasitomala amakonda kubwera masana, atadya, atasamba. Dzuwa la masana limachokera pamwamba, maso amalowa mumdima, mphuno imagwetsa mthunzi pamlomo, munthu amatsinzina. Cha kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale, kuno dzuwa la 12 koloko limakhala paliwombo penipeni. Nthawi yabwino ndi ola loyamba dzuwa litatuluka ndi ola lomaliza lisanalowe, ndipo lomalizali silichedwa, mdima umagwa msanga. Dziwaninso gombe lanu kumene layang'ana. Ku Nkopola ndi magombe a mbali imeneyo nyanja ili kum'mawa, ndiye dzuwa limatulukira pamadzi, ndipo wofuna dzuwa lofiira kumbuyo kwake ayenera kulawirira. Ku Malindi, tsidya linalo, ndi ku Chembe ku Cape Maclear, dzuwa limalowera cha kunyanja, ndiye madzulo ndi amene amakoma. Dzuwa likakhala kumbuyo kwa munthu nkhope imada, choncho wina agwire chowalitsira kapena nsalu yoyera kutsogolo kwake, apo ayi muyatse fulashi pang'ono. Mchenga woyera nawo umathandiza kubweza kuwala kumaso.

Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera. Umakweza madiresi, umasokoneza mawigi ndi mipango, umaponya mchenga mu lenzi. Muimikeni munthu mphepo izimuomba kumaso kuti nsalu zipite kumbuyo, ndipo musasinthe lenzi pamtetete. Gombe limene munalidziwa chaka chatha kalioneninso musanapite ndi kasitomala, chifukwa mu 2024 nyanja itadzaza magombe ambiri a kuno anamira. Musamuimike munthu m'madzi osayenda a m'mabango, mmene mumakhala nkhono za likodzo, ndipo m'mbali mwa Shire kumbukirani ng'ona ndi mvuu. Mabwato, maukonde ndi mathandala ali ndi eni ake, pemphani kaye. Magombe a mahotela nawo amafuna chilolezo, ndipo kulowa m'dera la Lake Malawi National Park kumalipiridwa. Gwirizanani pasadakhale kuti alipira ndani.

M'tauni momwemo alendo amakonda kujambulitsa pa chipilala cha wotchi chimene chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, ndi pa mlatho wa Bakili Muluzi umene unatsegulidwa mu 2002. Ndi malo odziwika, aliyense akaona amadziwa kuti munthu anafika ku Mangochi. Koma pamadutsa makabaza, njinga zamoto ndi maminibasi, anthu amaonerera, ndiye kasitomala wamanyazi sangamasukepo. Pitanipo m'mamawa, mulamule mwachangu, muchokepo.

Malo amene timawapeputsa ndi pakhomo pa kasitomala. Agogo amene angaume musitudiyo amakhala momasuka pakhonde pawo, pampando wawo. Kuwala kwa pakhonde kapena pakhomo lotsegula n'kofewa, kumachokera mbali imodzi, ndipo kumakomera khungu lakuda ngakhale masana. Ntchito yanu n'kuyang'ana kumbuyo: ndowa, zovala zoyanika, mtengo wooneka ngati wamera pamutu. Pewani mthunzi wa mtengo wa masamba apatalipatali, umasiya mawangamawanga pankhope.

Gulu la banja

Pagulu, chovuta si kaimidwe koma udindo. Amene akhale pampando wapakati ndani, malume aima pati, ndani sangaime moyandikana ndi apongozi ake, ndipo ngati bambo ali ndi akazi awiri, wamkulu akhala mbali iti. Wojambula amene amangoika anthu potengera kutalika angayambitse mlandu umene sakuudziwa. Njira ziwiri zilipo: kuwasiya adzikonze okha inu n'kungokonza mipata, kapena kupeza munthu mmodzi wodziwa banjalo, nkhoswe kapena azakhali, kuti akhale pakamwa panu. Yachiwiriyi imafulumira. Mukatero onetsetsani kuti nkhope iliyonse ikuoneka, chepetsani kabowo kolowera kuwala mu lenzi kafike pa f/5.6 kapena f/8 kuti mzere wakumbuyo usakhale mbuu, ndipo jambulani kangapo chifukwa wina aphethira ndithu. Ngati banjalo ndi la Chisilamu musapangane Lachisanu masana, ndipo m'mwezi wa Ramadan m'mawa ndi bwino, anthu asanafooke ndi kusala.

Kumuonetsa pa kamera, ndi nkhani ya khungu

Ena amaonetsa kasitomala chithunzi chilichonse, ena saonetsa n'komwe. Kuonetsa chilichonse kumadula ntchito, ndipo munthu amayamba kudzifufuza zilema. Kusaonetsa kumamusiya ndi nkhawa. Chimene chimagwira ntchito n'kumuonetsa chimodzi chabwino koyambirira, kuti akhulupirire kuti zikuyenda, ndi kumufunsa ngati pali mbali ya nkhope imene amaikonda. Ambiri amaidziwa kale chifukwa cha ma selfie.

Pomwepo n'pamene pamatuluka pempho lodziwika lija: "Mundiwalitseko pang'ono." Mukhoza kuvomera zonse, munthu n'kutuluka nkhope yoyera manja akuda, achibale ake osamuzindikira. Mukhoza kukana n'kumulalikira, iye n'kupita kwa mnzanu wa pafupi. Ine ndimaona kuti ambiri opempha zimenezi anazolowera zithunzi zojambulidwa mumdima, kapena zimene kamera inanyengedwa ndi mkanjo woyera kapena diresi la ukwati n'kudetsa nkhope. Mukayeza kuwala potengera nkhope, n'kuonetsetsa kuti nsalu yoyera sinawale mopitirira muyeso, khungu limatuluka lowala mwa mtundu wake womwewo, ndipo pempho lija nthawi zambiri limatha lokha. Chiphuphu cha lero chotsani. Chipsera chakale kapena mphini funsani kaye mwini wake.

Ndalama, katumizidwe ndi chilolezo

Kulipiritsa pa chithunzi chilichonse n'kumene anthu a kumudzi amakumva msanga, ndipo kumayenera njira yolamula, ya zithunzi zochepa. Kulipiritsa pa nthawi, ndi chiwerengero chogwirizana cha zithunzi zokonzedwa, kumayenera ntchito ya kugombe. Mulimonsemo, tengani ina patsogolo kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba musanakwere njinga kupita ku Monkey Bay. Mtengo wa zotsuka musaulonjeze miyezi yambiri patsogolo, chifukwa mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo amene anali pa ntchitoyi kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akukumbukira mmene mitengo inasinthira. Ngati wolipira ali ku Joni ndipo wojambulidwa ali kuno, mvanani ndi onse awiri, chifukwa amene watuma ndalama ali ndi chithunzi chake m'mutu. Zonse mwagwirizanazo zilembeni mu uthenga umodzi pa WhatsApp: tsiku, malo, chiwerengero, mtengo, ndi tsiku lolandira.

Potumiza, chithunzi chikapita pa WhatsApp mwachizolowezi chimafinyidwa, ndipo akakachitsukitsa chachikulu chimatuluka chosalongosoka, dzina loipa n'kukhala lanu. Tumizani ngati document, ngakhale zimadya bandulo, kapena mupatseni pa fulashi disiki. Pojambula siyani mpata m'mbali, chifukwa kukula kwa pepala la 4x6, kwa A4 ndi kwa foni n'kosiyana, ndipo wotsuka akadula mosasamala amachotsa mapazi kapena mzuli.

Kulipidwa sikukupatsani ufulu woika nkhope ya munthu pa tsamba lanu la Facebook kuti muitanire makasitomala ena. Funsani padera, ndipo yankho likhale lolembedwa. Mayi wina amajambulitsa wopanda hijabu kuti chithunzicho chipite kwa mwamuna wake yekha. Mtsikana wina sanauze makolo kuti anapita kunyanja. Kwa aliyense wosakwana zaka 18, chilolezo chichokere kwa kholo, ndipo kholo kapena wamkulu wina akhalepo pojambula. Izi zikukhudzanso nyengo ya zinamwali, ana akamatuluka ku ndagala, msasa wa chinamwali cha Ayao, gule wa manganje ali pakati: banja limene lakuitanani lijambuleni, koma ana a eni ake amene alowa m'chithunzi musawamwaze pa intaneti. Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 loteteza zokhudza munthu payekha, ndiye nkhaniyi si ya ulemu wokha. Mukapereka foni kapena kompyuta kwa wokonza, zithunzi za makasitomala zichotsenimo kaye, muzisunge pa disiki ina imene imakhala kunyumba.